LONJEZO LIDADULITSA MUTU WA YOHANE



Nkhani ya lero ndi ya chipani cha kutali, chipani cha Conservative cha ku Britain, dziko limene makolo ankalitcha Mangalande. Wina angathe kufunsa kuti kodi mkangano wa m'nyumba ya eni uli ndi phindu lanji kwa wapampando wa nthambi ya kumudzi kapena kwa kalaliki wa mu ofesi ya Boma. Yankho lake nlakuti chipani chimenechi ndi chimodzi mwa zipani zakale kwambiri pa dziko lapansi, ndipo chidalamula dziko lake kwa zaka 14 zotsatizana, kuyambira mu 2010 mpaka mu 2024. Chipani cha msinkhu wotere chikapunthwa, wanzeru amapita kukaona mwala umene chapunthwapo, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pa 4 Julaye 2024 anthu a ku Britain adaponya voti posankha aphungu 650 a Nyumba ya Malamulo. Chipani cha Conservative, chimene pa chisankho cha 2019 chidapeza mipando 365, chidatsala ndi mipando 121 yokha, ndipo chinali chisanatsikepo chotere m'mbiri yake yonse. Chipani cha Labour chidatenga mipando 411 nkupanga boma. Chipani chatsopano cha Reform UK, chotsogozedwa ndi a Nigel Farage, chimene mfundo yake yaikulu inali yochepetsa anthu olowa m'dzikomo, chidapeza mipando isanu yokha, koma chidakolola mavoti opitirira 4 miliyoni, ndipo ambiri mwa mavotiwo anali a anthu amene kale ankavotera Conservative. M'mawa mwake Nduna Yaikulu, a Rishi Sunak, adatula pansi udindo wao m'boma nalengeza kuti asiyanso utsogoleri wa chipani.

Zifukwa za kugwa kumeneku zinali zingapo. Mitengo ya zinthu inali itakwera, odwala ankadikira nthawi yaitali m'zipatala, ndipo chipanicho chinali chitasintha Nduna Yaikulu kangapo, kotero kuti pa zaka 14 zija padakhala anthu asanu pa mpando umodzi: a David Cameron, mai Theresa May, a Boris Johnson, mai Liz Truss amene adangokhalapo masiku 49, ndi a Sunak. Koma pamene mpikisano wosankha mtsogoleri watsopano udayamba, nkhani imene idaposa zonse pa mkangano wao inali ya anthu a m'maiko ena olowa m'dziko la Britain.

Gwero la nkhaniyi ndi lonjezo. Pa chisankho cha 2010 a Cameron adauza anthu kuti boma lao lidzatsitsa chiwerengero cha alendo kuti chisamafike pa 100,000 pa chaka. Chiwerengero chimenechi amachipeza potenga anthu onse amene alowa m'dziko kudzakhala kwa chaka kapena kupitirira, nkuchotsapo amene atuluka. Otsalawo ndiwo amene awonjezekera pa anthu a m'dzikomo. Chipani chidabwereza lonjezolo mu 2015 ndi mu 2017, koma sichidalikwaniritse ngakhale chaka chimodzi cha nthawi imeneyo. Mu 2016 anthu adavota kuti dziko lao lichoke m'bungwe la European Union, ndipo ambiri adatero pokhulupirira kuti akatero Britain adzayamba kudzitsegulira ndi kudzitsekera yekha khomo lake. Mu 2019 chipani chidalonjezanso kuti chiwerengero chidzatsika. Malamulo atsopano opatsira alendo zitupa adayamba kugwira ntchito mu Januwale 2021, ndipo pasanathe zaka zitatu chiwerengero chija chidakwera kupitirira 900,000 pa chaka chimodzi, kunena chaka chothera mkati mwa 2023.

Kuti munthu amvetse chimene chidachitika, ayenera kudziwa kuti alendo ankalowera pa makomo awiri osiyana. Khomo loyamba linali la zitupa, ndipo mwini wake wolitsegula anali boma lomwelo. Zipatala za boma zinkasowa anamwino ndi madokotala. Nyumba zosamaliramo okalamba zinkasowa antchito, motero mu Febuluwale 2022 boma lidalola kuti osamalira okalamba azitengedwa kunja, ndipo adabwera ambiri kuchokera ku India, Nigeria, Zimbabwe ndi maiko ena, pamodzi ndi mabanja ao. Sukulu za ukachenjede zinkadalira ndalama zimene ophunzira a kunja amalipira, zimene zimakhala zochuluka kuposa za ana a eni dziko. Padaonjezekanso anthu othawa nkhondo ku Ukraine ndi ochokera ku Hong Kong, amene boma lidawaitana lokha. Khomo lachiwiri linali la pa nyanja yopapatiza ya English Channel, pamene anthu ofuna malo othawirako ankaoloka pa timaboti tochepa kuchokera ku France popanda chilolezo. Mu 2022 anthu opitirira 45,000 adaoloka motere. Chinali chinthu choopsa ndi chomvetsa chisoni, pakuti ena ankamira panjira, koma poyerekeza ndi onse olowa m'dzikomo, a pa maboti sadakwane ngakhale mmodzi pa anthu 20 alionse.

Komabe khomo laling'onolo ndilo linkaoneka pa wailesi ya kanema tsiku ndi tsiku, ndipo boma lidaika mphamvu zake zambiri ndi mbiri yake yomwe pamenepo. Pa 14 Epulo 2022 Nduna ya za M'dziko, mai Priti Patel, adasaina pangano mu mzinda wa Kigali lakuti anthu olowa popanda chilolezo azitumizidwa ku Rwanda, kuti pempho lao likamvedwe kumeneko ndipo akakhazikike konko. Ndege yoyamba imene inayenera kunyamuka pa 14 Juni 2022 idaletsedwa madzulo a tsiku lomwelo, khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, limene lili mu mzinda wa Strasbourg, litalowererapo. Pa 15 Novembala 2023 Khoti Lalikulu la Britain lidagamula kuti ndondomekoyo inali yosemphana ndi malamulo, chifukwa panali chiopsezo chakuti othawawo angabwezedwe kumaiko kumene adathawa mazunzo. Boma lidapanga pangano lina ndi Rwanda nkukhazikitsa lamulo latsopano mu Epulo 2024, koma chisankho chidafika ndege isananyamuke. Boma la Labour litalowa lidathetsa ndondomekoyo, ndipo lidauza Nyumba ya Malamulo kuti idadya mapaundi 700 miliyoni, pamene anthu amene adapita ku Rwanda anali anayi okha, amenenso adapita mwa kufuna kwao.

Umu ndi mmene zinthu zinalili pamene anthu asanu ndi mmodzi adapereka maina ao kuti apikisane pa utsogoleri wa chipani. Iwowa anali mai Kemi Badenoch, a James Cleverly, a Robert Jenrick, mai Priti Patel, a Mel Stride ndi a Tom Tugendhat. Onsewa adakhalapo nduna m'boma lakugwalo, ndipo atatu mwa iwo adagwirapo ndi manja ao nkhani ya alendo: mai Patel ndi a Cleverly ngati Nduna za M'dziko, ndipo a Jenrick ngati nduna yoona za olowa ndi otuluka. Chodabwitsa china nchakuti atatu mwa opikisanawo anali ana a anthu ochokera ku Africa. Makolo a mai Patel adachokera ku Uganda, mai ao a Cleverly adachokera ku Sierra Leone, ndipo mai Badenoch adabadwira ku London mu 1980 nakulira ku Nigeria, nabwerera ku Britain ali ndi zaka 16.

Malinga ndi malamulo amene chipani chidakhazikitsa mu 1998, aphungu ndiwo amayamba kuponya voti mobwerezabwereza, wotsirizira nkumagwa, mpaka patsale anthu awiri. Kenaka maina awiriwo amapita kwa mamembala onse a chipani. Woyendetsa chisankho ndi komiti ya aphungu yotchedwa 1922 Committee. Mai Patel, amene adasaina pangano la ku Kigali, ndiwo adayamba kugwa pa 4 Sepitembala, ndipo a Stride adatsatira pa 10 Sepitembala. Anayi otsalawo adakalankhula pamaso pa mamembala pa msonkhano wa pachaka wa chipani ku Birmingham.

Pamenepo njira ziwiri zidaonekera poyera. A Jenrick anali atatula pansi unduna wao pa 6 Disembala 2023 ponena kuti lamulo la Rwanda linali lofooka. Mfundo yao inali yakuti Britain achoke msanga m'pangano la maiko a ku Ulaya loteteza ufulu wa anthu, limene lidasainidwa ku Rome mu 1950, pakuti, malinga ndi iwo, panganolo ndilo linkamanga boma manja. Ndiponso kuti Nyumba ya Malamulo ikhazikitse malire a chiwerengero cha alendo pansi pa 100,000 pa chaka. Mai Badenoch nawonso ankafuna kuti alendo achepe, ndipo ankatsindika kuti wolowa m'dziko ayenera kulandira miyambo ndi malamulo a eni ake, koma ankakana kulonjeza nthawi yomweyo zochoka m'pangano lija. Maganizo ao anali akuti chipani chidataya chikhulupiriro cha anthu chifukwa cholankhula china nkumachita china, choncho chiyenera kuyamba chafufuza ndi kukonza ndondomeko chisanatulutse lonjezo lina. Panalinso mfundo imene ochenjera ankakumbutsa, yakuti pangano la mtendere wa ku Northern Ireland la 1998 lidamangidwa motsamira pa pangano la ku Ulaya lomwelo, kotero kuti wozula mzati umodzi ayenera kudziwa denga limene mzatiwo ukuchirikiza.

Pa 8 Okutobala a Tugendhat adagwa, ndipo a Cleverly, amene ankalalikira za umodzi wa chipani, adatsogola ndi mavoti 39, a Jenrick 31, mai Badenoch 30. Aliyense ankayesa kuti a Cleverly afika kumapeto. Koma m'mawa mwake, pa 9 Okutobala, mai Badenoch adapeza 42, a Jenrick 41, ndipo a Cleverly adatsika kufika pa 37 nkugwa. Manyuzipepala ambiri adalemba kuti aphungu ena okonda a Cleverly adaponyera ena mavoti ao pofuna kuwasankhira mdani wofooka, ndipo ukathyali umenewo udagwetsa munthu wao yemwe. Pa 2 Novembala 2024 zotsatira za mamembala zidalengezedwa: mai Badenoch 53,806, a Jenrick 41,388. Motero mai Badenoch adakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera chimodzi mwa zipani zikuluzikulu za Nyumba ya Malamulo ya ku Britain.

Aka sikanali koyamba kuti nkhani ya alendo igwedeze chipani chimenechi. Pa 20 Epulo 1968, mu mzinda womwewo wa Birmingham, phungu wotchuka Enoch Powell adalankhula mau oopseza anthu kuti kubwera kwa anthu a m'maiko a Commonwealth kudzadzetsa kukhetsa mwazi. Mtsogoleri wa chipani pa nthawiyo, a Edward Heath, adamchotsa pa udindo wake m'mawa mwake, ngakhale kuti anthu ambiri ankamuombera m'manja. Boma la a Heath lomwelo lidakhwimitsa malamulo a olowa m'dziko mu 1971, komanso mu 1972, pamene Idi Amin adathamangitsa Amwenye ku Uganda, lidalandira anthu pafupifupi 28,000. A Heath adasonyeza kuti nkotheka kukhwimitsa lamulo popanda kunyoza anthu, ndiponso kuti mtsogoleri ayenera kudziwa mau amene chipani chake sichingawalole kutuluka m'dzina lake.

Chisankho cha 2024 chidapereka mtsogoleri, koma mkangano sudathe. Mu Okutobala 2025, patatha kafukufuku amene adapempha Lord Wolfson kuti achite, mai Badenoch adalengeza kuti chipani chao chikadzalowanso m'boma chidzachotsa Britain m'pangano la ku Ulaya lija, kutanthauza kuti mfundo ya wogonja idasanduka mfundo ya chipani chonse. Ngakhale zidatero, pa 15 Januwale 2026 mai Badenoch adachotsa a Jenrick pa udindo wao ponena kuti ankakonza mobisa zotuluka m'chipani, ndipo tsiku lomwelo a Jenrick adalowa Reform UK. Munthu amene mamembala opitirira 41,000 adamfuna kukhala mtsogoleri wao adapita kukalimbikitsa chipani chimene chidawalanda mavoti.

Pali chinthu china chimene sichiyenera kuiwalika. Pa 4 Disembala 2023 a Cleverly, ali Nduna ya za M'dziko, adalengeza malamulo opanda phokoso okhudza khomo la zitupa. Osamalira okalamba adaletsedwa kubwera ndi mabanja ao kuyambira mu Malichi 2024. Malipiro ochepetsetsa amene mlendo waluso ayenera kulandira kuti apatsidwe chitupa adakwezedwa kuchoka pa mapaundi 26,200 kufika pa 38,700 pa chaka. Ndipo ophunzira ambiri a kunja anali ataletsedwa kale kutenga mabanja ao kuyambira mu Januwale 2024. Zotsatira zake zidaoneka chipani chitachoka kale m'boma, pakuti m'chaka chothera mu Juni 2025 chiwerengero chija chidatsika kufika pa 204,000. Ndondomeko ya phokoso idasuntha anthu anayi, ndipo malamulo a mu ofesi adasintha chiwerengero ndi mazana a zikwi. Malamulowa akadabwera msanga, kapena anthu akadauzidwa zoona kuyambira pachiyambi za kusowa kwa antchito m'zipatala, mbiri ikadakhala ina.

Nkhani imeneyi imafikanso ku Malawi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri ophunzitsidwa ndi ndalama za dziko lino adapita kukagwira ntchito ku Britain, zipatala za kuno nkutsala zopanda anthu okwanira. Pofuna kuletsa kutayika kumeneku, Boma la Malawi mothandizidwa ndi boma la Britain lomwelo ndi ena lidayamba mu 2005 kuonjezera mapelesenti 52 pa malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito za umoyo. Chotero aphungu a ku London akamakangana za kutsegula kapena kutseka khomo lao, zotsatira zake zimamveka m'chipinda cha amayi oyembekezera pa chipatala cha boma kuno, ndiponso m'mabanja amene amadalira ndalama zochokera kwa ana ao a kunja.

Tsono phunziro loyamba ndi la atsogoleri a Chipani. Akuluakulu adati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Mfumu Herode idalumbira pamaso pa alendo ake isanadziwe chimene idzapemphedwe, ndipo itamva pempholo idalibe pothawira. A Cameron adatchula chiwerengero pamaso pa dziko lonse asanawerengere anamwino, ophunzira ndi antchito amene dziko lao linkafuna, ndipo atsogoleri anayi obwera pambuyo pao adasenza mtolo wa mau amenewo. Mtsogoleri wa nthambi akaima pa msonkhano nkulonjeza mlatho, mjigo kapena ntchito kwa achinyamata, mau akewo anthu amawamva ngati a Chipani chonse. Iye akhoza kuwaiwala dzuwa lisanalowe, koma mai amene amatunga madzi pa dambo sadzawaiwala. Kuli bwino kuuza anthu kuti chinthu chakuti chidzatenga zaka zitatu ndi kufotokoza chifukwa chake, kusiyana ndi kuwasangalatsa masana amodzi nkudzawathawa pa msonkhano wotsatira.

Phunziro lachiwiri ndi la ogwira ntchito m'Boma. Unduna wa za M'dziko ku Britain unkauzidwa kuti uchepetse alendo pa nthawi imene a za umoyo ndi a za maphunziro ankafuna alendo ambiri, ndipo zonsezi zinkachitika m'boma limodzi. Ntchito ya mlembi wamkulu wa unduna, ya bwanamkubwa ndi ya kalaliki wosunga mabuku ndiyo kupereka kwa nduna ziwerengero zoona pa nthawi yake, ngakhale zikhale zosakoma kumva, ndi kusonyeza pamene mfundo ya unduna umodzi ikuphwanya ya unzake. Wobisa chiwerengero poopa kukwiyitsa mkulu wake amakhala akumukumbira mbuna, pakuti wokutsina khutu ndiye mnansi.

Phunziro lachitatu ndi la kalankhulidwe. Dziko lililonse lili ndi ufulu wodziwa amene akulowa ndi amene akutuluka m'malire ake, ndipo lamulo liyenera kutsatidwa popanda kukondera. Koma mtsogoleri akalephera kukwaniritsa zimene adalonjeza, chiyeso chimabwera chakuti aloze chala mlendo. Ana a Malawi ali ku Johannesburg, ku Harare, ku Lusaka ndi ku Manchester, ndipo kumeneko iwo ndiwo alendo. Mau amene mtsogoleri wa kuno angalankhule za mlendo wa pa msika akhale mau amene angalole kuti alankhulidwe za mwana wake wa kunja.

Phunziro lachinayi ndi la umodzi ndi mwambo. Kupikisana pa maudindo m'chipani si mlandu, ndipo chipani cha Conservative chidaonetsa dongosolo labwino polola aphungu ndi mamembala kusankha poyera. Koma chisankho chimakhala ndi phindu pokhapokha wopambana akalandira wogonja ngati mbale, ndipo wogonja akavomereza chigamulo cha anzake ndi mtima wonse. Malinga ndi manyuzipepala, aphungu amene adasewera ndi mavoti ao pa 9 Okutobala adagwetsa munthu wao yemwe, ndipo amene adakhala phazi limodzi m'nyumba lina panja adatsiriza ndi kutuluka. Mapanga awiri avumbwitsa.

Atsogoleri akabwerera ku maboma, kumadera ndi ku nthambi zao, ayambe ndi ntchito imodzi. Mlembi wa nthambi atsegule buku la misonkhano, alembe mndandanda wa zonse zimene zidalonjezedwa kwa anthu m'dzina la Chipani, ndipo pambali pa chilichonse alembe ngati chidachitika, chili mkati kapena sichinayambe. Zimene sizinayambe zitumizidwe ku komiti ya dera ndi ku ofesi ya Boma yoyenera, ndipo anthu auzidwe yankho lake pa msonkhano wa poyera. Chipani cha Conservative chidawerenga mndandanda wake chitatsala ndi mipando 121. Nthambi iliyonse iwerenge wake anthu akadali kubwera ku misonkhano.